Thumba la Ndani Lili Patsogolo?

Pa chigayo cha kwathu ku Mlolo anthu saima pamzere. Chimene chimaima pamzere ndi matumba. Ukafika m'mawa umatula thumba lako kumbuyo kwa limene walipeza, kenako umapita kukakhala pamthunzi n'kumacheza za mvula, za feteleza, za mwana wa uje amene wapita ku Lusaka. Thumba ndilo limakulankhulira. Lamuloli palibe amene analilemba pakhoma, koma ngakhale mwana wotumidwa ndi kabeseni pamutu amalidziwa.

Lamulo lomweli limathyoledwa, ndipo anthu sadandaula. Akabwera munthu ndi chimanga cha pamaliro, mnyamata wa pachigayo amakweza mawu kuposa injini: "Amayi, pepani, ichi n'cha pamaliro." Onse amagwedeza mutu. Thumba limadumpha anzake khumi popanda wotsutsa.

Koma tsiku lina ndili pomwepo, thumba lina linadumpha mwakachetechete. Linali la bambo wina wogulitsa ufa, wobwera kawirikawiri ndi matumba ambiri, wodziwana ndi eni malo. Gogo wina amene ankaoneka ngati akuwodzera anadzuka, nafika pafupi ndi mnyamata uja.

"Iwe mwanawe, thumba ili lamera miyendo?"

"Ayi ambuya, linali pomwepa."

"Linali pomwepa? Ine maso anafooka, koma mutu sunafooke."

Phokoso limene linabuka linaposa la chigayo. Nthawi imene anthu akanataya podikira thumba limodzi lija inali yochepa kuposa imene amataya podikira chimanga cha pamaliro. Choncho nkhani sinali ya nthawi ayi.

Ndakumbukira zimenezi chifukwa cha mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene ali giredi 10. Madzulo ena tinakhala pakhonde, iye akufuna gemu yatsopano yoti aike m'foni ndi bandulo yotsala. Anatsegula sitolo ya magemu ya pafoni, napita pamene alemba kuti zatsopano, nasankha yachiwiri kuchokera pamwamba. Sizinatenge mphindi imodzi. Ndinamufunsa chifukwa chake sanatsike pansi kuona zina. Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chake nsima timadyera ndi manja.

"Amalume, zili pamwambazi ndiye zabwino."

Sanaganizepo kuti pali wina amene anaziika pamwambapo. Kwa iye mndandanda uli ngati phiri: unapezeka uli choncho. Ine funso landigwira kuyambira tsiku limenelo ndi ili: pamene kampani yalemba mawu oti "zatsopano" pamwamba pa mndandanda, yalonjeza chiyani, ndipo yalonjeza kwa yani?

Tiyambe ndi kukula kwa mzere wake. Msika waukulu wa magemu a pakompyuta ndi Steam, wa kampani ya Valve ya ku America, umene unatsegulidwa mu 2003. Mu 2013 magemu atsopano amene analowa pamsikawu chaka chonse sanafike ndi 1,000 womwe. Mu 2024 anapitirira 18,000. Ndiye kuti pafupifupi magemu 50 tsiku lililonse, Sabata ndi Khirisimasi yomwe. Tsamba loyamba lili ndi malo ochepa, ndipo diso la munthu limatopa lisanafike pa dzina la makumi awiri. Chigayo chimatha kugaya matumba onse dzuwa lisanalowe. Apa ambiri mwa matumbawo sadzafika konse pakamwa pa chigayo. Wina ayenera kusankha, afune asafune.

Mbiri ya Steam ndi mbiri ya kampani imene yakhala ikuyesa kuthawa udindo wosankhawu. Poyamba ogwira ntchito ku Valve ankasankha okha, m'chipinda chotseka, ndipo wokanidwa nthawi zambiri sankauzidwa chifukwa chomveka. Mu 2012 anayambitsa njira yotchedwa Greenlight, yoti osewera azivotera magemu amene akufuna kuti alowe. Zinkamveka ngati demokalase, koma mukudziwa mmene mavoti amayendera: wopambana amakhala wa anzake ambiri, ndipo ena ankalonjeza magemu aulere kwa owavotera. Mu 2017 anathetsa zovotazo n'kubweretsa Steam Direct. Lipira madola 100 pa gemu iliyonse, dzaza mapepala, dikira masiku ako, gemu yako ilowa. Chitseko chinatseguka kwa aliyense.

Koma chipata sichinagwetsedwe. Chinangosunthidwa, kuchoka pakhomo kupita m'kati. Kale funso linali lakuti ndani alowe mumsika. Tsopano aliyense amalowa, ndipo funso ndi lakuti ndani apatsidwe benchi la kumsewu, ndani akakhale kuseri kwa zimbudzi. Mndandanda wa zatsopano umene umaoneka patsamba loyamba la Steam si wa onse amene atuluka lero. Ndi wa atsopano amene ayamba kale kugulidwa. Wa onse, wotsata tsiku lofikira, ulipo ndithu, koma uyenera kuufunafuna. Ndipo gemu siipatsidwa chizindikiro cha mmene anthu aikondera mpaka ogula 10 atalemba maganizo awo. Kuti uoneke uyenera kugulidwa, kuti ugulidwe uyenera kuoneka.

Wina anganene kuti palibe cholakwika: chimene anthu akugula ndicho chabwino, ndipo mphwanga uja sananame. Pali kafukufuku wina amene ndimaukonda pa nkhaniyi. Mu 2006 akatswiri atatu, Matthew Salganik, Peter Dodds ndi Duncan Watts, anafalitsa zotsatira za msika wanyimbo woyeserera umene anaupanga pa intaneti. Anaikapo nyimbo 48 za magulu osadziwika, ndipo anthu opitirira 14,000 anamvera n'kutsitsa zimene azikonda. Anthuwo anagawidwa m'magulu osaonana. Gulu lina silinkauzidwa chilichonse. Magulu enawo ankaona kuti nyimbo iliyonse yatsitsidwa kangati ndi anzawo a m'gulu lomwelo. Chimene chinapezeka n'chakuti kumene anthu ankaona manambala, nyimbo yoyamba kutsogola inkathawiratu, kusiya zinzake kutali. Koma nyimbo yopambana m'gulu ili sinali yomweyo yopambana m'gulu lija. Zabwino kwambiri sizinkagwa kawirikawiri, zoipitsitsa sizinkakwera kawirikawiri, koma zonse za pakati zinkayenda mwa mwayi: amene anayamba kudinidwa ndiye anadya. Ndipo pamene nyimbozo zinandandalikidwa kuyambira yotsitsidwa kwambiri kutsika pansi, kusiyanako kunakula kuposa pamenepo.

Tanthauzo lake n'lakuti mndandanda sumangotiuza chimene anthu akonda. Umapanganso chimene anthu adzakonde. Uli ngati sikelo imene ikakuyeza n'kupeza kuti ndiwe wonenepa, imakuwonjezera nsima. Umboni wina ndi gemu ya Among Us, imene ambiri a inu munaisewera. Inatuluka mu 2018, inakhala zaka ziwiri anthu ochepa okha akuidziwa, ndipo inaphulika mu 2020 pamene osewera otchuka anayamba kuionetsa pa Twitch ndi YouTube, dziko litatsekeredwa m'nyumba ndi Covid-19. M'zaka ziwiri zija inali gemu yomweyo, ya anthu omwewo. Ndi angati ena onga iyo amene eni ake anatopa m'chaka choyamba n'kukafuna ntchito ina?

Apa mtima umafuna kunena kuti yankho n'lapafupi: bwezerani lamulo la pachigayo, woyamba kufika akhale patsogolo, basi. Ndinaganizapo choncho, koma sizikugwira. Pa chigayo palibe amene amabwera ndi matumba zana a mchenga kuti atseke mzere. Pa intaneti alipo. Mu 2017 Valve inachotsa nthawi imodzi magemu 173 a gulu limodzi lotchedwa Silicon Echo, magemu osokedwa mwachangu kuchokera ku zidutswa zogula kale, ongosinthidwa dzina ndi mtundu. Mzere wongotsata nthawi umapatsa mphamvu munthu wotere. Ndipo pali munthu wina amene timamuiwala tikamalankhula za chilungamo kwa opanga magemu: mphwanga uja, ndi bandulo yake yogula ndi ndalama ya piecework. Nayenso ali ndi ufulu. Akatsitsa zinyalala katatu motsatizana, sabata yake yatha. Sitolo imene imamuthandiza kupeza chabwino mwachangu siikumulakwira. Choncho kusankha pakokha si tchimo. Mwini golosale pa boma la Chadiza amaika shuga ndi sopo kutsogolo, zingwe za nsapato kumbuyo, ndipo palibe amene amapita naye kwa mfumu.

Kusiyana kwake kuli pawiri. Mwini golosale sanalembe pashelefu kuti katundu waikidwa motsata tsiku lofikira. Ndiponso ukakhumudwa naye umawoloka msewu n'kulowa m'golosale ina. Pafoni za Android zimene tili nazo ambirife, ma Tecno ndi ma itel, msewu wowoloka ndi wopapatiza: sitolo imene foni imabwera nayo ndi Google Play, ndipo pa iPhone ndi App Store. Munthu akakhala mwini wa msika wokhawo m'dera lonse, salinso wamalonda chabe. Wayamba kufanana ndi mfumu yogawa minda, ndipo mfumu timaifunsa mafunso amene sitifunsa wogulitsa sopo.

Funso loyamba kwa mfumu ndi lakuti: kodi lamulo ndi limodzi kwa onse? Makampaniwa amayankha kuti inde, ndipo papepala nthawi zambiri n'zoona. Madola 100 a Steam amalipira aliyense, kaya uli ku Seattle kaya ku Katete. Koma tawerengani. Mu 2024 dola imodzi inkasinthidwa ndi makwacha oposa 25 miyezi yambiri, ndipo FRA inkagula thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa K330. Madola 100 amenewo ndi matumba pafupifupi 8. Kwa wina ndi mtengo wa chakudya cha madzulo amodzi mu lesitilanti, kwa wina ndi chakudya cha banja cha miyezi ingapo. Ndalamayo imabwezedwa gemu ikagulitsa madola 1,000, kutanthauza kuti imabwerera kwa amene zamuyendera, ndipo imatsalira kwa amene zamukanika.

Tiyerekeze mtsikana wa kuno ku Chadiza amene waphunzira kulemba mapulogalamu pa laputopu yobwereka, ndipo wapanga gemu ya nsolo ya pafoni, ya malamulo a kwathu, ya mawu a Chinyanja. Ku Google Play alipira madola 25 kamodzi, zimenezo n'zotheka. Koma kuyambira mu Novembala 2023 munthu wotsegula akaunti yatsopano m'dzina lake, osati la kampani, ayenera kuyamba wapeza anthu oyesa pulogalamu yake kwa masiku 14 osadukiza asanaloledwe kuitulutsa. Poyamba ankafuna anthu 20, kenako anatsitsa kufika pa 12. Cholinga chake n'chomveka, kuchepetsa zinyalala zija. Wophunzira wa ku UNZA, kapena wina wozolowera kupita ku BongoHive ku Lusaka, anthu 12 amawapeza pa chakudya cha masana. Mtsikana wathuyu ayenera kupeza anthu 12 a foni zoyenera, a bandulo, a malo otsala m'foni, m'dera limene foni imatchajidwa pa sola ya aneba ndipo netiweki umaipeza utaima pachulu. Lamulo ndi limodzi. Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo apa ena ayambira pa tala.

Opanga magemu a mu Africa amene anafika patali anachita kudutsa m'njira zotere. Kiro'o Games ya ku Yaoundé, ku Cameroon, yotsogozedwa ndi Olivier Madiba, inatulutsa gemu yake ya Aurion pa Steam mu 2016, patatha zaka zolimbana ndi kuthimathima kwa magetsi, itasonkhetsa ndalama pa Kickstarter, ndiponso itagwirizana ndi kampani yofalitsa ya ku France. Broforce, ya anyamata a Free Lives ku Cape Town, inayenda ndi kampani yofalitsa ya ku America, Devolver Digital. Pagule fumbi ndiwe mwini, n'zoona, koma pabwalo ili fumbi lako limaoneka msanga ngati woimba ng'oma akudziwika kale.

Komabe, ndikaika zonse pasikelo, lamulo lolemera koma lolembedwa si limene limandipweteka kwambiri. Mtsikana uja akhoza kuliwerenga, kulitukwana, n'kukonzekera. Akhoza kuyamba kusonkhanitsa anthu ake 12 mwezi wathunthu nthawi isanakwane. Mlimi aliyense wa kuno amadziwa kusiyana kwa mavenda awiri. Wina amanena poyera mtengo wotsika wa soya. Umakwiya, koma ukhoza kukana n'kubwerera ndi katundu wako. Wina amanena mtengo wabwino, koma sikelo yake anaikonza usiku, kapena meda yake anaikulitsa ndi madzi otentha. Woyambayo ndi wouma mtima. Wachiwiriyo wakulanda ngakhale mpata wokana, chifukwa sukudziwa kuti pali chimene ungakane.

Masikelo okonzedwa usiku alipo m'misika ya magemu, ndipo tinawadziwa chifukwa cha milandu. Mu Ogasiti 2020 Apple ndi Google anachotsa Fortnite m'masitolo awo, kampani ya Epic Games itaika njira yakeyake yolipirira pofuna kuzemba gawo la 30 peresenti limene masitolowa ankadula. Yankho la eni masitolo linali lakuti lamulo ndi la aliyense. Koma mlandu wa Epic ndi Google utafika m'khoti ku San Francisco, zinaululika kuti Google inali ndi mapangano apadera ndi makampani akuluakulu. Spotify inkalipira 4 peresenti yokha pamene wogula wadzera njira ya Google, ndipo sinkalipira kalikonse pamene wadzera njira ya Spotify. Makampani ena akuluakulu a magemu anapatsidwa mapangano a ndalama zambiri kuti akhalebe m'sitoloyo. Mu Disembala 2023 khoti linapeza kuti Google inagwiritsa mphamvu zake pamsika mosemphana ndi lamulo. Thumba la wogulitsa ufa linali litamera miyendo kwa zaka, ndipo a mabeseni ang'onoang'ono ankauzidwa kuti linali pomwepa.

Valve nayo inakondera akuluakulu, koma mwa njira ina. Kumapeto kwa 2018 inalengeza kuti gemu ikagulitsa kupitirira madola 10 miliyoni, gawo la sitolo litsika kuchoka pa 30 kufika pa 25 peresenti, ndipo ikapitirira 50 miliyoni litsika kufika pa 20. Opanga magemu ang'onoang'ono anakwiya, ndipo ndikuwamvetsa: wolemera ndiye akuchotseredwa msonkho. Koma izi zinanenedwa mokweza kuposa injini. Ukhoza kutsutsana nazo chifukwa ukuzidziwa. Chimene chinawawa mwa mtundu wina chinachitika mu Okutobala chaka chomwecho. Opanga magemu ang'onoang'ono ambiri anaona kuti alendo a pamasamba awo achepa mwadzidzidzi, ndipo malonda agwa. Sanasinthe kanthu, sanauzidwe kanthu. Patapita milungu akufunsana okhaokha, Valve inavomera kuti inasintha kawerengedwe ka makina ake osankha, ndipo kusinthako kunali ndi cholakwika chimene chinakankhira magemu ogulidwa kale kwambiri m'malo amene ang'onoang'ono ankaonekera. Mwina panalibe chiwembu. Koma taganizani za munthu amene anagwira ntchito zaka zitatu, n'kutulutsa gemu yake sabata imeneyo. Gemu imakhala yatsopano kamodzi kokha. Cholakwikacho chikakonzedwa, tsiku lake lapita, ndipo magemu ena mazana afika kumbuyo kwake.

Katswiri wina wa malamulo wa ku America, Lon Fuller, analemba mu 1964 za mfumu yongopeka imene inalephera kupanga malamulo m'njira zisanu ndi zitatu. Zina mwa njirazo zinali kusunga malamulo mwachinsinsi, kuwasintha pafupipafupi mpaka anthu kusowa chogwira, ndi kulengeza lamulo lina uku ukuweruza ndi lina. Mfundo yake inali yakuti zimenezi si kusakonza bwino ntchito chabe. Ndi kunyoza munthu, chifukwa lamulo lodziwika limatenga munthu ngati wanzeru wotha kukonza moyo wake, pamene lamulo lobisika limamutenga ngati mbuzi yongokokedwa. Gogo wa pachigayo sanawerenge Fuller, koma ndicho chimene chinamudzutsa pamthunzi. Chimanga cha pamaliro chikadumpha, amauzidwa, ndipo pogwedeza mutu amakhala kuti nayenso waloleza. Thumba la wogulitsa ufa litadumpha, anamuyesa tsinde la mtengo.

Eni misika ali ndi yankho lamphamvu, ndipo sindikufuna kulibisa. Amati tikaulula kawerengedwe konse, akathyali adzakagwiritsa ntchito. N'zoona, ndipo zinachitikapo. Steam ili ndi mndandanda wa magemu oyembekezeredwa amene atsala pang'ono kutuluka. Ena atazindikira kuti tsiku lotulukira limathandiza kukwera pamndandandawo, anayamba kulemba tsiku lapafupi, likayandikira n'kulisuntha, likayandikiranso n'kulisunthanso, kuti akhalebe pamaso pa anthu uku gemu siinakonzeke. Ofika ndi tsiku loona ankakankhidwira pansi. Koma taonani mmene bowo limeneli linatsekedwera. Mu 2019 Valve inauza onse kuti wofuna kusintha tsiku ayambe wapempha. Chinyengo chinagonjetsedwa ndi lamulo lina lonenedwa poyera, osati ndi mdima wowonjezera. Kwathunso alipo amene ankasiya thumba lopanda kanthu usiku kuti m'mawa apezeke oyamba, ndipo mankhwala ake anali kugwirizana kuti thumba lopanda chimanga si thumba. Sitikupempha kuti atipatse nambala iliyonse ya m'makina awo. Tikupempha kuti atiuze chimene akuyeza. Ngati ndi malonda a masiku oyamba, anene. Ngati ndi ndalama imene mwini gemu walipira, anene. Pa ichi ndiyenera kuyamikira pang'ono: Valve imati siigulitsa malo a patsamba lake loyamba, ndipo pa Google Play ndi App Store malo olipiridwa amalembedwa kuti ndi otsatsa malonda, ngakhale kuti kalembako kamakhala kakang'ono koti mphwanga, ndi chala chake chothamanga, sakaona.

Ndiye ine ndaima apa. Sindikhulupirira kuti aliyense wopanga gemu ali ndi ufulu wokhala pamwamba, chifukwa pamwamba sipakwana anthu 50 patsiku. Sindikhulupiriranso kuti lamulo likangokhala limodzi kwa onse ndiye kuti chilungamo chakwanira. Matumba 8 aja akukana. Chimene aliyense ali nacho ufulu, wopanga ndi wosewera yemwe, ndi chakuti dzina la mndandanda ligwirizane ndi zimene zili m'katimo. Wa zatsopano ukhale wa zatsopano. Wa zogulidwa kwambiri utchedwe choncho. Wa zimene mwini sitolo wazikonda utchedwe choncho, ndipo palibe manyazi pamenepo. Munthu woima poyera n'kunena kuti izi ndasankha ndine amandipatsa ulemu kuposa wobisala kumbuyo kwa makina n'kumati zinangochitika zokha. Ndipo popeza tikudziwa kuti kutsogola koyamba kumabala kutsogola kwina, mwini msika wokhawo ali ndi ngongole ina yaing'ono: kangodya kooneka, osati kokwiriridwa, kumene wobwera kumene amaonekera kwa maola angapo asanayezedwe ndi malonda. Msika waung'ono wa itch.io, umene unayamba mu 2013, umalola munthu kundandalika magemu kuyambira ofika posachedwa ndi kudina kamodzi, ndipo wopanga amasankha yekha gawo limene apatse sitolo. Muli zinyalala zambiri, n'zoona. Mulinso zinthu zimene simungazipeze kwina.

Pali mbali ina imene siili ku America. M'makomboni mwathu magemu ambiri sayenda kudzera m'sitolo konse. Amayenda ndi Xender, kuchoka m'foni kupita m'foni, kuseri kwa kalasi kapena pa shopu ya PlayStation pamene tikudikira kuti ogonja pa FIFA adzuke pabenchi. Pamenepo mwini mndandanda ndi mnyamata uja wa foni ya malo ambiri. Chimene ali nacho ndicho chimene komboni yonse isewere mwezi umenewo: Dream League Soccer, Free Fire, Subway Surfers. Nayenso anazitenga pamwamba pa mndandanda wa wina. Mtsikana wa nsolo uja atabwera kwa iye n'kunena kuti tayesako iyi, ndapanga ndine, kodi angaipatse malo, kapena angaseke n'kufunsa ngati ili ndi magalafiki? Timachita chimodzimodzi ndi nyimbo za anzathu: timadikira kuti ziyambe zamveka ku Lusaka ndipo pamenepo timakumbukira kuti woimbayo tinaphunzira naye. Ngakhale akonzi a magazini ino amasankha ndakatulo yoika pamwamba ndi yoika pansi, ndipo ndikukhulupirira kuti sakwiya ndikanena kuti owerenga ambiri safika pansipo. Chala chimene chimaima pa dzina lachiwiri ndi chathu. Makina aja amaphunzira kwa ife, kenako n'kutiphunzitsa zimene aphunzirazo.

Mphwanga ndinamuonetsa potsikira. Anatsika mizere ingapo, napeza kagemu ka njinga kopangidwa ndi munthu wa dzina losadziwika, kotsitsidwa ndi anthu ochepa. Anakayesa, nati n'kabwinoko koma kamaima-ima, ndipo patatha masiku awiri anakafufuta kuti apeze malo a zithunzi. Sindinganene kuti analakwa.

Za pachigayo zinatha chonchi. Thumba la wogulitsa ufa linabwezedwa pamalo pake, mnyamata uja anapepesa, ndipo patapita nthawi zinamveka kuti bamboyo azibwera ndi matumba ake madzulo anthu atachepa, aliyense akudziwa. Mzere unabwerera mwakale. Koma ndikapita kumudzi ndimawapezabe ambuya aja pachigayo, ndipo sakhalanso pamthunzi ndi anzawo. Amakhalira thumba lawo, padzuwa, ndipo likasuntha amanyamuka n'kusuntha nalo.